Keke imene tonse tinaiweruza osailawa

Usiku wa Lachitatu, pa 7 Okutobala 2015, ndinali pa ntchito m'nyumba ina yosamalira okalamba mumzinda wa Leeds ku Britain, ndipo ine ndi anzanga tinali titapangana kuti tichotse mbale za mgonero msanga, kuti ikamakwana 8 koloko aliyense akhale atapeza pokhala m'chipinda chochezera. Agogo angapo amene masiku ena nthawi ngati imeneyo amakhala atalowa kale m'mabulangete anakaniratu kuperekezedwa kukagona, ndipo mmodzi mwa iwo, mayi wa zaka zoposa 80 amene anali atagwira ntchito yophikira ana asukulu moyo wake wonse, anatiuza kuti timukokere mpando wake kutsogolo kwenikweni chifukwa maso anali atayamba kuchita chidima. Chimene tonse tinkadikira pa kanema wa BBC One inali ndime yomaliza ya mpikisano wophika makeke ndi buledi wotchedwa The Great British Bake Off.

Kwa amene simunauonepo, mpikisanowu unayamba mu 2010, ndipo kachitidwe kake nkosavuta kukamvetsa. Amatenga anthu pafupifupi 12 amene kuphika si ntchito yawo, nkuwaika mu tenti yaikulu yoyera, yomwe chaka chimenecho inazikidwa pa kapinga wa ku Welford Park ku Berkshire, ndipo sabata iliyonse mmodzi amatsanzika mpaka kutsala atatu. Wopambana salandira ndalama. Amangopatsidwa maluwa ndi mbale yagalasi yokhala ndi mwendo, yoikapo keke. Nditangofika kumene m'dziko muno zinkandiseketsa kuti anthu akuluakulu angamakangane chifukwa cha mbale, koma pofika chaka chimenecho nanenso ndinali nditalowa m'gulu, moti Lachitatu ndinkakana ngakhale kuyankha foni.

Atatu amene anatsala anali Ian Cumming, wojambula zithunzi wa ku Cambridgeshire amene anayamba mpikisano mwamphamvu kwambiri, Tamal Ray, dokotala wachinyamata amene ankaphunzira ntchito yogonetsa odwala opita ku opaleshoni, ndi Nadiya Hussain, mayi wa ana atatu wobadwira ku Luton kwa makolo ochokera ku Bangladesh, yemwe pa nthawiyo ankakhala mumzinda wathu womwewu wa Leeds. Nadiya ankavala hijabu, ndipo nkhope yake sinkadziwa kubisa kanthu. Akachita mantha maso ankatuluka, akakhumudwa milomo inkakwinyika, ndipo oweruza akamulawira chophika chake ankawayang'ana ngati mwana amene akudikira zotsatira za mayeso a Sitandade 8. Sabata yoyamba anakhala womaliza pa gawo limodzi la mayeso, ndipo ambiri sitinkaganiza kuti afika patali.

Usiku umenewo anapatsidwa ntchito zitatu monga mwa nthawi zonse. Yoyamba inali mabanzi opaka shuga pamwamba, yachiwiri inali chophika china cha ku France chosanjikiza timapepala topyapyala ta ufa ndi kirimu, ndipo yachitatu inali keke yaikulu yachikhalidwe cha ku Britain imene aliyense anadzisankhira. Nadiya anasankha keke ya mandimu, koma anaipanga ngati keke ya ukwati, chifukwa iye ndi mwamuna wake anakwatirana ku Bangladesh kumene pa ukwati wawo panalibe keke. Anaikongoletsa ndi zodzikongoletsera za pa ukwati wake, ndipo pansi pake anayala nsalu ya sari ya mitundu itatu ya mbendera ya Britain, yofiira, yoyera ndi yabuluu. Atamulengeza kuti wapambana, analankhula misozi ili m'maso mawu amene mmawa wake anali pakamwa pa aliyense, akuti sadzadziikiranso malire, sadzanenanso kuti sangathe kapena kuti mwina, chifukwa angathe ndipo adzachita. Mary Berry, woweruza wachikulire amene anthu ankamudziwa kuti sagwedezeka wamba, mawu anamuthera pakhosi ndipo anachoka pamaso pa kamera akupukuta m'maso.

M'chipinda mwathu munali zii kwa kanthawi, kenako agogo ophika aja anamenya ndodo yawo pansi kawiri, komwe kunali kuwomba m'manja kwawo popeza zala zinali zitapindika ndi nyamakazi. Ine ndinalira, ndipo sindinayese nkomwe kubisa. Ndinalira ngati kuti wapambanayo ndi mng'ono wanga, pamene sindinakumanepo naye, chipembedzo chathu nchosiyana, ndipo kwawo kwa makolo ake ndimangokuona pa mapu.

Anthu oposa 15 miliyoni anaonera ndime imeneyi, ndipo palibe pulogalamu ina imene inaonedwa ndi anthu ochuluka chotero m'dziko la Britain chaka chimenecho. Ngakhale nduna yaikulu ya nthawi imeneyo, David Cameron, inali itanena poyera ndime yomaliza isanaonetsedwe kuti ikuchemerera Nadiya. Mmawa wa Lachinayi nkhani inali yomweyo mu basi, pa wailesi ndi pa masamba a mchezo, pomwe anthu ankagawana zithunzi za nkhope yake ndi mawu ake aja. Ambiri ankalemba kuti mayi ameneyu, ndi keke imodzi, wachita zimene andale alephera kwa zaka zambiri pa nkhani yoyanjanitsa mitundu. Atsikana achisilamu ankalemba kuti aka nkoyamba kuona munthu wovala ngati iwo akuonetsedwa pa kanema madzulo popanda nkhani ya nkhondo kapena ya zigawenga.

Koma panalinso gulu lina, ndipo silinadikire nkomwe kuti mpikisano uthe. Sabata ya semifainolo, imene inali ya chokoleti, atatulutsa mtsikana wa ku Scotland dzina lake Flora Shedden, wolemba wina wa nyuzipepala ya Daily Mail, Amanda Platell, analemba kuti mtsikanayo akanapanga mzikiti wa chokoleti mwina mwayi wake ukanakhala waukulu. Tanthauzo lake linali losabisika, lakuti BBC inasankhiratu kuti mu ndime yomaliza mukhale mayi wachisilamu ndi dokotala wa makolo ochokera ku India pofuna kudzionetsa kuti ilibe tsankho. Nadiya atapambana, mawu amenewa anafalikira ngati moto wolusa m'chilimwe, ndipo ena anafika pomulembera zotukwana zonyoza mtundu ndi chipembedzo chake.

Mawu omwewa ndinawamva ndi makutu anga m'khitchini ya kuntchito kwathu Lachinayi lomwelo. Mayi wina amene tinkagwira naye ntchito, munthu wabwinobwino amene nthawi zambiri ankandisungira chakudya ndikachedwa, ananena akupukuta makapu kuti aliyense wamaso anaona kuti zinali zokonzeratu, ndipo kuti Ian anamubera. Magazi anandithamanga. Ndinamuyankha mokweza kuposa mmene ndinkafunira kuti keke ya Nadiya inali yokoma kuposa zonse, ndipo kuti aliyense wosavomereza zimenezo ali ndi vuto lina osati la keke. Tinatha sabata yathunthu tikungopatsana moni wa pakamwa.

Loweruka ndinaimbira mng'ono wanga ku Zomba, ndipo mkwiyo udakalipo ndinamufotokozera nkhani yonse kuyambira pa tenti mpaka pa makapu. Anandimvetsera osandidula, kenako anafunsa mwaulemu wake uja umene umabisa chipongwe: "Kodi achemwali, inuyo kekeyo munailawa?" Ndinati ayi. "Nanga anzanuwo anailawa?" Ndinatinso ayi. Anaseka mpaka foni inachita kulira makutu, nati ndiye kuti akuluakulu awiri asiya kuyankhulana chifukwa cha kukoma kwa chinthu chimene onse sanachiike pakamwa.

Funso limeneli lakhala nane zaka zonsezi, chifukwa likukhudza chinthu chimene chimasiyanitsa mpikisano wophika ndi mipikisano ina yonse imene timaonera. Bullets ikamasewera ndi Wanderers, wochemerera amaona yekha mpira ukulowa mu ukonde, ndipo akamatsutsana ndi woimbira amakhala akutsutsa chinthu chimene onse awiri achiona. Pa mpikisano woimba, khutu la woonera limamva nyimbo yomweyo imene woweruza akumva. Koma pa mpikisano wophika, chimene chikuweruzidwa ndi kukoma, fungo, kufewa kwa mkati mwa keke ndi mmene imasungunukira pa lilime, ndipo mwa zonsezi palibe ngakhale chimodzi chimene kanema angatifikitsire. Mwa anthu 15 miliyoni aja, amene analawa makeke atatuwo pofuna kuweruza anali awiri okha, Mary Berry ndi Paul Hollywood. Ena tonsefe tinkaona mpeni ukulowa, tinkaona foloko ikukwera, kenako tinkawerenga nkhope ya wotafunayo monga mmene mlimi amawerengera mitambo.

Ndiye poti lilime latsekeredwa kunja, mtima umafuna china choti ugwire, ndipo chimene umapeza ndi munthuyo. Timaweruza kaimidwe kake, misozi yake, mmene amayankhira akadzudzulidwa, ngati amathandiza mnzake amene keke yamugwera, ndiponso, tisanamizane, timaweruza ngati akufanana nafe. Opanga pulogalamu amadziwa bwino zimenezi. Ndime iliyonse amaijambula kwa masiku awiri, ndipo zimene ife timaona ndi za ola limodzi lokha, zosankhidwa ndi munthu amene akudziwa kale mathero ake. Iye ndi amene amasankha kuti tione dzanja la uyu likunjenjemera, tione uja akuseka pa nthawi yolakwika. Sindikunena kuti amanama, koma wosankha zoti uone amakhala wakusankhiranso theka la maganizo ako.

Chinanso chimene timaiwala dala nchakuti pamene tikukuwa ndi kupemphera kutsogolo kwa kanema, nkhaniyo inatha kalekale. Mpikisano umajambulidwa miyezi ingapo usanaonetsedwe, ndipo Nadiya ananena pambuyo pake kuti mbale yake yagalasi anaikulunga nkuibisa pansi pa bedi kuti anthu asadziwe. Usiku umene ine ndinkagwira mtima kuti keke yake isagwe, kekeyo inali itadyedwa kalekale ndipo mbale zinali zitatsukidwa. Chinsinsi chimenechi chinaululika moseketsa mu 2017, mpikisano utasamukira ku Channel 4, pamene woweruza watsopano, Prue Leith, ali ku Bhutan anasokonezeka ndi kusiyana kwa nthawi nkulemba pa Twitter mawu oyamikira Sophie Faldo kuti wapambana, kudakali maola angapo kuti ndime yomaliza ionetsedwe. Anafufuta msanga, koma madzi akatayika saoleka. Chimene chinandidabwitsa si kulakwitsa kwake, koma ukali wa anthu ena, ngati kuti mayiyo wasintha zotsatira, pamene chomwe anawalanda ndi mwayi wonamizira kwa ola limodzi kuti zinthu sizinadziwike.

Mukayang'ana zaka zina mupeza kuti mkwiyo wa oonera umatsata njira yomweyi. Mu 2013 Ruby Tandoh, wophunzira wa ku yunivesite amene anafika mu ndime yomaliza, ananyozedwa kwa masabata ambiri kuti amalira dala ndiponso kuti amakopa Paul Hollywood, ndipo mpikisano utatha, womwe anapambana Frances Quinn, Ruby analemba mu nyuzipepala ya The Guardian kudandaula za chidani chimene akazi a mu mpikisanowo analandira. Mu 2018 botolo lagalasi linaphulika pa tebulo la Rahul Mandal mkati mwa ndime yomaliza chifukwa cha kutentha kwa mu tenti, ndipo poopa magalasi m'zakudya anayenera kutaya zimene anali atakonza nkuyambiranso. Anamuwonjezera mphindi 15, ndipo atapambana anthu anagawikana, ena akuti chinali chilungamo, ena akuti anamukondera chifukwa cha nkhope yake yomvetsa chisoni. Mu 2020 Laura Adlington atadutsa semifainolo, nkutuluka Hermine amene ambiri ankamuona ngati katswiri, oonera anamukhuthulira Laura mwano wochuluka mpaka Paul Hollywood analemba pa Instagram kuwadzudzula, nawakumbutsa kuti sabata iliyonse imaweruzidwa payokha posawerengera za m'mbuyo, ndiponso kuti iye ndi Prue ndi amene amanunkhiza ndi kudya zophikazo. Anayankha ndendende ngati mng'ono wanga wa ku Zomba, kungoti iye analankhula atakwiya.

Mfundo yoti sabata iliyonse imaima payokha ndi imene oonera sitinaivomerezepo mumtima. Ife timasunga ngongole. Munthu amene watisangalatsa kwa masabata asanu ndi anayi timamuona kuti ali ndi chuma chimene anasunga, ndipo tsiku limodzi loipa siliyenera kumugwetsa. Oweruza amati ayi, chimene chili pa mbale lero ndicho chimene chilipo. Ine pa mfundo imeneyi ndimaima ndi oweruza, ngakhale kuti zimandiwawa chaka chilichonse, chifukwa aliyense amene anaphikirapo alendo amadziwa kuti nsima ikapserera lero, palibe amene amakhuta ndi mbiri ya nsima yadzulo.

Tsopano ndibwerere kwa ine ndi mayi wa makapu uja, chifukwa funso la mng'ono wanga linatiika pa mkeka umodzi, ndipo kwa nthawi ndithu zimenezo zinkandinyansa. Nzoona kuti tonse awiri tinkanena za kukoma pamene m'mitima tinkanena za hijabu. Iye anaona nsalu ya kumutuyo naganiza kuti ndi imene yapambana. Ine ndinaona nsalu yomweyo ndipo ndinafuna kuti ipambane, chifukwa ndikudziwa mmene zimakhalira kulowa m'chipinda anthu nkukuyeza usanatsegule pakamwa, ndiponso chifukwa ndatopa kufunsidwa kuti kwathu kwenikweni nkuti ndi anthu amene sangathe kuloza Malawi pa mapu. Keke ya mandimu yokhala pa nsalu ya sari inkandiuza kuti munthu angathe kukhala wa kuno osataya za kwawo, ndipo uthenga umenewo ndinaumeza mofulumira kuposa mmene ndikanamezera keke yeniyeniyo.

Komabe sindivomereza kuti zolakwa zathu zinali zofanana kukula, ndipo chifukwa chake chili m'kachitidwe ka mpikisanowo. Pa ntchito zitatu za sabata iliyonse, yachiwiri imaweruzidwa mwachimbulimbuli. Oweruza amatuluka mu tenti, ophika amapatsidwa malangizo ofanana ndi zipangizo zofanana, ndipo akamaliza amaika zophika zawo pa tebulo kuseri kwa zithunzi zawo zomwe zayang'ana kwina, moti oweruza akabwerera amalawa ndi kusanja kuyambira womaliza mpaka woyamba asakudziwa mwini wake. Pa gawo limenelo la ndime yomaliza, Nadiya ndi amene anakhala woyamba. Pa tebulopo panalibe hijabu, panalibe misozi, panalibe Bangladesh. Analinso atatchulidwa kukhala wophika wopambana wa sabata katatu, kawiri motsatizana atatsala pang'ono kufika kumapeto. Umboni wochepa umene woonera angakhale nawo unkaloza kwa iye. Ine ndinalakwa ponena motsimikiza chinthu chimene sindinachidziwe, pamene mnzanga uja anafunika kutseka maso pa chimene chinkadziwika kuti mawu ake aime. Ndipo chikondi changa chopanda umboni sichinatumize kalata yotukwana kwa wina aliyense.

Zimene zinatsatira nzodziwika. Mu Epulo 2016 Nadiya ndi amene anaphika keke ya tsiku lobadwa la Mfumukazi Elizabeth pamene inkakwanitsa zaka 90, ndipo ngakhale pamenepo panapezeka anthu onyoza maonekedwe a kekeyo, amenenso sanailawe. Wakhala akulemba mabuku a zophika ndi kuonetsa mapulogalamu ake, ndipo walankhula poyera za matenda a nkhawa amene wakhala nawo kuyambira ali mwana. Nditamva zimenezo ndinachita manyazi pang'ono ndi mmene tinkasekera nkhope zake zija, chifukwa mwina zina zimene ife tinkaziona ngati nthabwala zinali mantha enieni a munthu amene akulimbana ndi mtima wake pamaso pa dziko lonse.

Ine ndinakulira pa chigumu cha mayi anga, chophikidwa mu poto wokhala pa mbaula, makala ena ataikidwa pamwamba pa chivundikiro, ndipo mayi sankayeza ndi sikelo koma ndi dzanja ndi diso. Sankafunsa munthu ngati chakoma. Ankangoyang'ana ngati m'mbale mwatsala kanthu. Mwina chifukwa cha chizolowezi chimenecho, sabata yosayankhulana ija itatha ndinaganiza zothetsa nkhaniyo ndi uvuni. Ndinagula mandimu anayi, batala ndi ufa wa tirigu, ndipo Lamlungu masana ndinaphika keke ya mandimu yoyamba m'moyo wanga. Ndinaibowola ndi kamtengo idakali yotentha nkuthira madzi a mandimu osakaniza ndi shuga monga ndinaonera, koma ndinali nditatsegula uvuni msanga chifukwa cha phuma, moti pakati panalowa ngati chigwa. Ndinabisa dzenjelo ndi shuga wambiri nkuinyamula pa basi Lolemba mmawa, itakhala pamiyendo.

Nthawi ya tiyi ndinadula chidutswa choyamba nkupatsa agogo ophika aja, chachiwiri ndinapatsa mayi wa makapu, amene anachilandira osandiyang'ana m'maso. Agogowo anatafuna pang'onopang'ono, maso ali otseka, ndipo ndinadzipeza ndikuwayang'ana ndi nkhope yomweyo imene ndinkaiseka pa kanema. Atameza anati mkati simunapse bwino ndipo mandimu ndachulutsa. Mayi wa makapu anapukusa mutu, nati ayi, mandimuwo ndiye achepa, akanakhala iye akanafinyiramo lina. Anakangana awiriwo kwa mphindi zingapo, aliyense chidutswa chili m'manja, ndipo mkangano uli mkati mayi uja anatambasula dzanja nkudzidulira chachiwiri.